Loweruka la mkangano wa Maluach

28 June 2025, Johannesburg

Lero kwazizira koopsa. Ndinadzuka kapinga ali mbuu ndi chisanu, madzi a pampopi akuluma zala. Ndinalawirira kukameta ku Rosettenville, kwa mnyamata wa kwathu ku Mangochi amene ali ndi kashopu kake kumeneko, chifukwa masana ndinalonjeza kuperekeza mwana wa mlongo wanga ku Zoo Lake kukasewera basketball.

Ndinapeza mkangano uli mkati. Masiku onse pamalopa nkhani imakhala ya Bullets ndi Wanderers, apo ayi Chiefs ndi Pirates, koma lero anthu anali ataunjikana pa foni imodzi. Ankaonera Khaman Maluach, mnyamata wa ku South Sudan uja, misozi ili chuchuchu pamene dzina lake linkatchulidwa ku Brooklyn Lachitatu usiku, kuno kukucha Lachinayi. Anasankhidwa pa nambala 10 pa draft ya NBA, mwambo umene matimu a ligi yaikulu ya basketball ku America amasankhira osewera atsopano. Anamutenga a Houston, koma akupita ku Phoenix Suns pa msintho womwe wapititsa Kevin Durant ku Houston.

Bambo wina wachikulire, amene amagwira ntchito ya ulonda ku Turffontein ndipo NBA amaitsata usiku pantchito, anapukusa mutu.

"Ana inu mwaiwala Thabeet? Nayenso tinamuimbira m'manja chonchi."

Onse anati zii, chifukwa bambowa sankanama. Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, neba wathu weniweni, anasankhidwa pa nambala 2 ndi Memphis mu 2009. James Harden anabwera pambuyo pake pa nambala 3, Stephen Curry pa nambala 7. Pasanathe chaka Thabeet anamutsitsira ku ligi yaing'ono, ndipo pofika 2014 za NBA zinali zitamuthera. Bambowo anawonjeza kuti m'mera mpoyamba: pa masewero aakulu a mu April aja, Duke, yunivesite imene Maluach ankasewerera, itagonja kwa University of Houston 70-67, Maluach sanatole rebound ngakhale imodzi. Munthu wa masentimita 218, osagwira ndi mpira umodzi womwe wobwerera pa ring'i!

Ndinali nditakhala kale pampando, makina ali pamutu, koma sindinathe kupirira. Ndinati bambo, mwanena zoona, koma mukuwayika anthu awiriwa mudengu limodzi chifukwa cha msinkhu basi. Kutalika munthu amabadwa nako, sachita kuphunzira, ndiye sikungatiuze ngati mwanayu amaphunzira. Thabeet ankalowa mu NBA ali ndi zaka 22. Maluach ali ndi 18, akwanitsa 19 mu September. Mpirawu anauyamba ali ndi zaka pafupifupi 13 ku Kampala, kumene banja lake linathawira nkhondo. Ali ndi 16 anali kale ku World Cup ndi timu ya dziko lake mu 2023, ali ndi 17 anali ku Olympics ku Paris. M'zaka zisanu zokha. Ine chimene ndimayang'ana ndi chimenecho: mtunda umene munthu wayenda kuchokera pamene anayambira, ndi liwiro lake.

Chachiwiri ndi dzanja. Anthu aatali ambiri akaima pamzere wa free throw, poponyera popanda wowatchinga, mpira umachoka ngati akuponya njerwa. Maluach ku Duke ankagoletsa pafupifupi itatu mwa inayi iliyonse. Dzanja lofewa choncho limaphunzitsika kuponyera patali. Chachitatu ndi mapazi, ngati wamtaliyo angathe kutsetsereka chammbali kutsekereza kamnyamata kothamanga osagwa nako m'mbuyo. Apa ndivomere, adakali ndi ntchito, ndipo thupi lake likufunika mnofu kuti akuluakulu a NBA asamamukankhe pansi pa ring'i monga anachitira a University of Houston aja.

Ometa anazimitsa makina nati, "Achimwene, ndiye mukuti afika?"

Ndinati afika, koma osati chaka chino, mwinanso osati chamawa. Phoenix usiku womwewo inatenganso Mark Williams kuchokera ku Charlotte, wosewera malo omwewo, kotero Maluach benchi aidziwa. Chimene chimandiopsa ndi anthu ngati ife, amene pofika Khrisimasi tidzakhala tikunena kuti ndi Thabeet wachiwiri. Joel Embiid anasankhidwa mu 2014 n'kukhala zaka ziwiri zathunthu osasewera chifukwa cha phazi, anthu atamuika kale m'manda, koma mu 2023 anali MVP, wosewera wopambana onse mu NBA chaka chimenecho. Pascal Siakam anatengedwa pa nambala 27 mu 2016, ndipo mu 2019 anali atanyamula chikho ndi Toronto. Awiri onsewa anadutsa mumzinda uno womwe, pa kampu ya Basketball Without Borders, Embiid mu 2011, Siakam mu 2012, ali anyamata osadziwika.

Bambo aja sanagonje. Anati ndikutchula amene zinawayendera, nanga enawo? Funso limenelo ndayenda nalo tsiku lonse, chifukwa ndi loona. Bondo likhoza kuthyoka, kochi akhoza kuchotsedwa ntchito, timu ikhoza kutopa kudikira. Zimenezo palibe angazione pa kanema wa pafoni. Koma pali china chimene ndimachidziwa pa moyo wanga. Mwanayu anachoka ku Rumbek kupita ku Kampala, kuchoka apo ku sukulu ya NBA ku Saly m'dziko la Senegal, kusewera mu BAL, ligi ya basketball ya mu Africa, ndi amuna a ndevu zawo, kenako America. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ife amene tinatsika basi pa Park Station ndi kachikwama kamodzi tikudziwa kuti kuyambanso pamalo achilendo kumaphunziridwa, ndipo amene wachita kanayi sagwa mphwayi msanga.

Masana tinakwera takisi mpaka m'tauni, ina mpaka cha ku Rosebank, kwinako wapansi. Mwana wa mlongo wangayu ali ndi zaka 16 ndipo wandipitirira kale ndi mutu wathunthu. Pa Zoo Lake panali podzaza ngakhale kunali mphepo, ena atavala zipewa zaubweya akudikira nthawi yawo m'mbali mwa bwalo.

Ndinakhala pansi n'kumamuyang'ana ndi maso omwe aja a m'mawa. Anaphonya mipira iwiri yapafupi, yosavuta. Mkulu wina wa timu yake anamukalipira m'Chizulu pamaso pa anthu onse. Mtima wanga unagunda, chifukwa ndikumudziwa, kunyumba akadzudzulidwa amatseka chitseko. Ndinaona nsagwada zake zikulimba. Kenako anatembenuka n'kuthamanga kubwerera kumbuyo, woyamba kufika, manja m'mwamba, mawondo atapinda. Mpira wotsatira anauthira kunja ndi chikhatho, phaa! Sanakuwe, sanadzigugude pachifuwa. Anangoyang'ana mkulu uja n'kugwedeza mutu.

Atatha anabwera ali wefuwefu, nthunzi ikufuka pamutu, nakhala pambali panga.

"Amalume, mwaona Maluach uja? Inuyo mukuona ngati ine ndingafike kwinakwake?"

Sindinafune kumunamiza, komanso sindinafune kumuthyola. Ndinamuuza kuti za America sindingamulonjeze, koma chimene ndachiona atamukalipira chija ndi chimene makochi amafuna, ndipo dzanja lake lamanzere silikugwira ntchito. Ndinati mawa tikatuluka ku tchalitchi tibwerenso, aponye ma free throw 100 ine ndikuwerenga, ndipo tizilemba m'kope sabata iliyonse kuti tione ngati nambala ikukwera.

Pobwerera m'takisi anagona, mawondo atatsamira mpando wakutsogolo chifukwa sakwanamo. Ndinayang'ana nsapato zake. Yakumanja yang'ambika chakuchala, ndipo saizi 13 sipezeka wamba. Mayi ake ndawaimbira usiku uno, tagwirizana kuti tisonkherana mwezi ukatha.