Tiyi wa m'botolo ku Mangochi

Ku Mangochi ndinapitira ukwati wa mphwanga, osati tiyi. Koma Lachisanu masana, ndisanapukute n'komwe thukuta la m'minibasi, mwana wa achemwali anga anandiima pamaso ndi foni. "Malume, tiyeni mukaone malo awa musanayambe zosenda anyezi." Pa Instagram pake panali khoma lopakidwa buluu, atsikana atanyamula mabotolo ofiira ngati magazi. Ati ndi malo a tiyi.

Tinakwera makabaza awiri. Unali Okutobala, ndipo amene anafikako mwezi umenewu akudziwa kuti dzuwa la ku Mangochi limachita kuluma. Anthu anali akutuluka mumzikiti, mikanjo yoyera mbee msewu wonse, wakabaza wanga akuliza belu mosalekeza. Tinadutsa pa nsanja ya wotchi ija, yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria tawuni ino ikadali Fort Johnston. Ndinkafuna nditsike ndiwerengenso chikwangwani cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946, koma mtsikanayo anandikodola kuti tizipita, kuwala kwabwino kojambulira kutha. Mlatho wa Bakili Muluzi tinangouonera chapatali, Shire akuyenda phee pansi pake.

Malowo ndi nyumba wamba yokhalamo anthu, yoti mukhoza kuipitirira. M'kati ndiye muli nkhani. Mababu anawavindikira ndi madengu, kudenga anakhomako mphasa, pakhoma anapachika ukonde wakale ndi nkhafi ziwiri. Mpando wautali ndi bwato lenileni lolidula pakati, loikamo mapilo a chitenje. Ndinaligwira m'mphepete, ndipo pamene panang'ambika kale panali chigamba cha lata chokhomedwa ndi misomali ing'onoing'ono, ntchito ya msodzi amene ankangofuna madzi asalowe. Lero pamenepo ndi pomwe anthu akulimbirana kukhalapo kuti ajambulidwe.

Anatilandira mtsikana waulemu, atamanga mpango kumutu. "Takulandirani bambo. Wotentha kapena wozizira?" Ine tiyi wozizira ndimamudziwa ngati uja waiwalika patebulo, ndiye ndinayamba ndaseka. Iye sanakhumudwe. Anafotokoza kuti masamba amagula ku Thyolo, amawawiritsa m'mawa, n'kuwasakaniza ndi chidede kapena malambe, kenako jinja ndi uchi pang'ono. Ndinasankha wa chidede.

Anabwera m'botolo longa la jamu, kukamwa kwake atamangako kachingwe ka mlaza. Ndinauza mwana wa achemwaliyo kuti ife tikukula tinkamwera m'botolo lotere chifukwa makapu anali a alendo. "Malume, musamwe kaye!" Ndinadikira. Anasuntha botolo, anasunthanso mbale ya zitumbuwa, anakwera pampando, anatsika, anandiuza ndichotse dzanja. Patebulo loyandikana nalo anyamata atatu ochokera ku Lilongwe, opita ku Cape Maclear, ankachita zomwezo, ndipo mmodzi tiyi wake wotentha anamuzizirira asanamulawe.

Nditaloledwa kumwa, ndinasiya zoseka. Kuwawasa kwa chidede kumayamba, kenako jinja amakukanda kukhosi, ndipo kumapeto kwenikweni kumabwera kakhambi ka masamba a tiyi. Chidede chomwechi amayi ankatiphikira ngati ndiwo yotendera, ife n'kumadandaula. Zitumbuwa zinali zazing'ono kuposa za pamsika, koma nthochi sanaumire.

Tili pakati magetsi anathima. Mafani anaima, nyimbo zii, ndipo madengu aja anangokhala madengu. Mtsikana wotilandira uja anabwera kudzapepesa kuti jenereta yawo imangokwanira firiji. Pasanathe nthawi malaya anandimata pamsana, anyamata a ku Lilongwe analipira n'kuthawira m'galimoto. Ife tinatulutsa mipando kukhonde, pansi pa mtengo wa mango, kumene kamphepo ka kumtsinje kankafikako. Mwini malo, mayi wachikulire kuposa mmene ndinkaganizira, anakhala nafe akudzikupiza ndi katoni. Anati bwato lija linali la achimwene awo, amene anasiya usodzi ku nyanja ya Malombe chambo chitayamba kusowa. Nzeru ya madengu ndi khoma la buluu inali ya mwana wawo. "Ine ndinati azimwa tiyi kapena azidya khoma? Koma onani, khoma likundigulira ufa."

Mtengo sindibisa, unandiwawa. Mabotolo awiri ndi zitumbuwa zinandidyera ndalama yoti ndikanadya nsima ya chambo n'kutsala ya kabaza.

Lamlungu m'mamawa, podikira minibasi idzaze, ndinalowa m'tiyirumu ya pa depoti. Kapu yapulasitiki yaikulu, mkaka, shuga masipuni atatu osakufunsa, ndi theka la buledi. Ndikunyika buledi wanga, foni inalira. Chinali chithunzi pa WhatsApp: ine m'bwato muja, botolo m'manja, nkhope ngati munthu amene wakwera basi yolakwika. Pansi pake mwana wa achemwali uja analemba kuti anzake akufunsa ngati malume adzabwerenso pa Khirisimasi.