Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Mzere wa Pakhoma

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene bambo a kunyumba anabwera ndi kalata yowadziwitsa kuti kwawatsalira zaka zitatu kuti apume pa ntchito. Chimene sindinakuuzeni ndi mawu amene anayankhula usiku womwewo. Ana atagona, anakhala m'mphepete mwa bedi akumasula zingwe za nsapato, ndipo osandiyang'ana n'komwe anati, "Mayi, ine ndikadzapuma ndikufuna ndizidzadzuka ndikumva mafunde."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu ameneyu ngakhale kusambira sadziwa. Nyanja yamchere anali ataiona kawiri kokha moyo wake wonse, ulendo winawo ali pawindo la basi. Koma m'zaka 22 za ukwati ndinali ndisanawamvepo akupempha kanthu ka iwo eni. Nthawi zonse zinkangokhala fizi ya ana, lendi, mankhwala a mayi awo. Ndiye kuseka kutatha ndinatenga kope n'kulemba pachikuto kuti "Nyanja".

Osamukawo tinalipo asanu, osawerengera mwana wathu wachisamba amene anali kale ku koleji: ine, bambo, mnyamata wathu wa ku sekondale, mzime wa zaka 8, ndi apongozi anga amene amadwala shuga ndipo amadzibaya insulin tsiku lililonse. Ntchito yanga yowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono imangofuna kompyuta ndi intaneti, choncho ine ndikhoza kukhala paliponse. M'kope muja ndinadzaza masamba anayi a zofunika. Bambo nditawapatsa cholembera anangolemba mzere umodzi: "Tauni yaing'ono, nyanja izioneka."

Tauni yoyamba tinakaiona nthawi ya tchuthi, ndipo sindikubisirani, nanenso inanditenga mtima. Mchenga woyera mbee, madzi obiriwira, anthu akungoyendayenda opanda nsapato. Wogulitsa nyumba anatisonyeza kanyumba ka zipinda zitatu kopentedwa kumene. Mzime anawerenga mapazi kuchokera pakhonde mpaka pamene panayambira madzi, anapeza 140. Tsiku loyamba bamboyo anatiuza kuti tikumane 9 koloko, tsiku lachiwiri anati 10 koloko, lachitatu anati cha m'ma 11. Ndinkangoti ndi munthu wotanganidwa. Bambo anali atayamba kale kufunsa za dipoziti.

Amene anatibweza ndi apongozi. Tili m'galimoto pobwerera, iwo amene sanayankhule chilichonse masiku atatu onsewo anati, "Mwananga, walira mvula walira matope. Mwaiona tauniyi itavala zovala za pa ukwati. Mudzabwerenso mudzaione itadzuka kumene."

Tinabwereradi patatha miyezi 6, nyengo ya mphepo ndi mvula, awiriwiri. Mumsewu waukulu muja munali zii. Masitolo ambiri anali atakhomedwa matabwa, famase inali yotseka ndi chikalata pakhomo chonena kuti idzatsegulidwa alendo akadzayambiranso kubwera, basi inkabwera kamodzi patsiku. Nyumba ija inali isanagulidwebe. Wogulitsa uja sitinamuuze kuti tabwera. Tinangopita tokha chakumadzulo. Mapazi 140 aja kunalibe. Madzi anali akunyambita mpanda.

Kuseri kwa nyumbayo, kumene penti sinafike, ndinaona mzere wakuda wowongoka bwino, wofika m'chiuno mwanga. Panali mkulu wina amene ankalondera nyumba zitatu za mumzerewo, ndiye ndinamufunsa.

"Agogo, mzere uwu ndi wa chiyani?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bambo, ngati akuyeza ngati ndife anthu oyenera kuuzidwa. Kenako anati, "Mayi, madzi saiwala khwawa. Pano kale panali dambo la mitengo ya mangrove, ija imamera m'madzi amchere. Anaidula, anathira dothi, anamanga. Koma nyanja sinauzidwe."

Mkuluyo ndiye anandiphunzitsa zimene ndinayenera kudziwa ndisanagule n'kope lomwe. Nyanja yamchere imakwera ndi kuphwa kawiri patsiku. Kuchokera pamene yadzaza mpaka idzadzazenso pamapita maola 12 ndi mphindi 25, choncho nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Nditamva zimenezi ndinakumbukira 9 koloko, 10 koloko, 11 koloko zija. Munthu uja sanali wotanganidwa ayi, ankatsatira madzi kuti tizifika ataphwa. Ndipo kukwerako sikufanana masiku onse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, mphamvu yake yokoka madzi imaphatikizana ndi ya dzuwa, ndipo nyanja imakwera kuposa masiku ena. Zikangochitika kuti usiku womwewo kwabwera namondwe wokankhira madzi kumtunda, ndiye mzere wa m'chiuno uja.

Anatiphikira tiyi m'kanyumba kake. Nditangomwa kamodzi ndinamva kamchere kumapeto kwa lilime. Anaseka. Anati madziwo ndi a pachitsime cha nyumba yomwe tinkafunayo, ndipo imeneyo inali nyengo yabwino. Nthawi ya tchuthi, nyumba zonse zikamapopa madzi nthawi imodzi, ngakhale sopo sachita thovu. Pambuyo pake ndinadzamvetsa chifukwa chake. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndiye ndi olemera kuposa madzi akumwa. Pansi pa nthaka ya kugombe madzi abwino amayandama pamwamba pa amchere ngati mafuta. Mukapopa kwambiri abwinowo, amchere amakwera kudzalowa m'malo mwake, ndipo akalowa m'chitsime sachoka msanga.

Za dzimbiri sindichulutsa. Mkuluyo anangotsegula chitseko cha kuseri, hinjesi imodzi n'kuthothokera m'manja mwake. Mphepo ya kunyanja imanyamula mchere, ndipo umadya malata, maloko, kuseri kwa firiji, pansi pa galimoto. Anati aliyense womanga pafupi ndi madzi azifunsa zitsulo zosachita dzimbiri msanga, za stainless steel za nambala 316, zina zonse n'kungodyetsa nyanja.

Titabwerera kunyumba ndinasanduka munthu wovuta kukhala naye. Usiku uliwonse ndinkakhala pa intaneti mpaka nkhuku kulira. Ndinawerenganso za mzinda wa Beira ku Mozambique, pamene namondwe wa Idai anafika usiku wa pa 14 March 2019. Tonse timakumbukira madenga osasuka ndi anthu oposa 1,000 amene anafa m'mayiko atatu, koma chimene chinandigwira ine ulendo uno ndi msewu. Msewu waukulu wolowera mumzindawo unaduka, ndipo kwa masiku angapo galimoto sizinkatha kulowa kapena kutuluka. Ngati zinatero ndi mzinda waukulu wa doko, nanga katauni kathu kaja ka msewu umodzi, wodutsa pa mlatho umodzi? Insulin wosatsegula amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Magetsi atazima, mlatho utapita, chipatala chachikulu chili tsidya linalo, apongozi ndingawatani?

Ndinawerenganso za Fairbourne, kamudzi ka kugombe ku Wales. Kumeneko nyanja inali isanalowe m'nyumba za anthu, koma khonsolo ya Gwynedd itadziwitsa anthu kuti sidzapitiriza kuteteza mudziwo mpaka kalekale, ndipo chaka cha 2054 chitatchulidwa, mitengo ya nyumba inagwa ndipo mabanki anayamba kukana kubwereketsa ndalama zogulira nyumba kumeneko. Ineyo monga wowerengera ndalama, nkhani imeneyi inandiopsa kuposa ya namondwe. Nyumba ikhoza kutha mtengo ili chiimire, youma bwinobwino. Ndipo ife tinkafuna kuikamo penshoni yonse.

Apa m'pamene tinakangana, kukangana kwenikweni kumene ana amatseka zitseko za kuchipinda. Ndinawauza bambo kuti kuyambira 1901 mpaka 2018 nyanja za padziko lonse zakwera ndi masentimita pafupifupi 20, ndipo masiku ano zikukwera mofulumira kuposa kale, mamilimita oposa atatu pachaka. Iwo anatenga rula ya mzime, n'kuika chala pa 20.

"Mayi, mukundikaniza nyanja chifukwa cha kameneka? Zaka zoposa 100, kameneka?"

Ndinati, "Bambo, sitepe ya pakhomo la nyumba ija ndinaiyeza. Ndi masentimita 15."

Anaika rula ija patebulo mwakachetechete n'kutuluka panja. Kunena zoona ndinapambana mkanganowo, koma sindinagone. Ndinkadziwa kuti sitinkakangana za masentimita. Munthu anapempha chinthu chimodzi m'zaka 22, ine n'kumuyankha ndi masamu.

Tauni yachiwiri sitinachedwemo. Inali pamwamba pa phompho, kutali ndi kusefukira kwa madzi, yaukhondo ngati chipatala. Koma usiku titayenda mumsewu tinaona kuti pa nyumba khumi, ziwiri zokha ndi zimene zinkayaka magetsi. Zinazo eni ake amakhala kumizinda, amangobwera pa tchuthi. Sukulu ya pulayimale inali ndi ana ochepa moti ankaphatikiza makalasi, ya sekondale kunalibiretu. Komanso phompholo linali la dothi lofewa, ndipo ndinali nditaona kale zithunzi za ku Happisburgh ku England, kumene gombe lotere lakhala likugumuka mpaka kutenga nyumba ndi msewu womwe. Mnyamata wathu anangoti, "Amayi, kuno ndizicheza ndi ndani, mbalame?" Tinanyamuka m'mawa mwake.

Yachitatu sinali m'kope n'komwe. Pobwerera ulendo umenewo, lamba wa injini anaduka tikutsika chitunda cholowera m'tauni ina ya doko imene tinkangofuna kuidutsa. Kuipa kwake! Fungo la nsomba ndi dizilo, malole, fakitale ya ayisi ikulira usana ndi usiku, gombe lake la miyala yakuda losati n'kujambulirapo chithunzi. Makaniko anati lamba afika mawa. Ayisi wa m'bokosi la insulin anali atasungunuka, ndipo kumene tinapeza malo ogona kunalibe firiji. Cha m'ma 10 koloko usiku ndinapita kukagogoda pa geti ya fakitale ija. Mnyamata wa pageti atamva kuti ndi za mankhwala a agogo, anandidzazira ayisi m'bokosi, n'kundilozera magetsi a pamtunda. "Chipatala ndi icho, mayi. Sichitseka. Ngati afooka usiku, ndi mphindi zisanu."

M'mawa, podikira lamba uja, ndinayenda ndi kope langa. Ndinaona ana a yunifomu ali piringupiringu kupita kusukulu, ndipo imeneyi inali nyengo yopanda alendo. Famase inali yotsegula, banki inali yotsegula. Misewu yotulukira inali iwiri, wina wotsata gombe, wina wokwera phiri wopanda mlatho ngakhale umodzi. Madzi a m'mipopi ankachokera ku damu la kumapiri; ndinamwa dala kapu yathunthu, mchere munalibe. Ku ofesi ya khonsolo ndinapempha mapu osonyeza madera amene madzi amasefukira, ndipo mayi wa pakauntala anangowatulutsa m'kabati osandifunsa chifukwa. Kumunsi konse kozungulira doko kunali kopakidwa mtundu wabuluu. Kumtunda kunali koyera. Tauniyi inkakhalira nsomba ndi doko, osati maso a alendo, ndiye inalibe chifukwa chobisira mzere wake.

Bambo sanaikonde. Anati, "Ine ndinati nyanja, inu mukundipatsa fakitale." Apongozi ndi amene anagamula kuti tisagule kanthu, tichite lendi mwezi umodzi nyengo yoipitsitsa, aliyense adzayankhule pambuyo pake.

Tinapeza nyumba kumtunda, kuseri kwa sukulu ya sekondale. Foni inkasonyeza kuti tili mamita 38 pamwamba pa nyanja. Kukafika kumadzi unali ulendo wa mphindi 20 wapansi, pobwerera 30 chifukwa cha chitunda. Pawindo lililonse la nyumbayo nyanja sinkaoneka. Chimene chinkaoneka ndi thanki ya madzi ya sukulu. Mlungu woyamba bambo ankangodzuka, kumwa tiyi, kutsikira kudoko, kubwera madzulo osanena kanthu. Mlungu wachiwiri anabwera ndi kapepala ka nthawi za kukwera ndi kuphwa kwa madzi, akuti awapatsa asodzi, n'kukamata pachitseko cha firiji. Mlungu wachitatu ndinamva akuuza mzime kuti mawa madzi adzaza 6:40, adzuke msanga akaone mabwato akulowa.

Usiku wina chakumapeto kwa mweziwo mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kunyanja. Cha m'ma 2 koloko anandigwedeza paphewa.

"Mayi, tadzukani. Tamverani."

Ndinatchera khutu. Kutali kwambiri kunkamveka kaphokoso kobwera n'kumapita, kobwera n'kumapita.

Ndinati, "Bambo, amenewo ndi makina a ayisi."

"Ndi mafunde."

"Ndi makina."

Anadzuka, anatsegula windo lonse mvula ikuwazira mkati, n'kuima pomwepo atavala zogonera mpaka ine ndinagonanso. Kutacha anandipempha kope lija, anafufuta mawu oti "izioneka" pa mzere wawo umodzi uja n'kulembapo "izimveka". Puloti tinagula mumsewu womwewo, nyumba zinayi kuchokera pamene tinkachita lendi. Za phokosolo mpaka lero sitinagwirizane.

Amene sitinamufunse bwino pa zonsezi ndi mnyamata wathu wa ku sekondale, ndipo tsiku limene tinasaina mapepala a puloti ndi limene anatiuza kuti iye sasamuka. Imeneyo ndi ya gawo lotsatira.