Magetsi amene akuthera m'fumbi

Ndimayang'anira makina ophwanya miyala pa kwale ina kunja kwa Lilongwe. Sabata ino nkhani inali imodzi: bilu ya magetsi yakwera, koma miyala ya 19 mm, imene makontrakitala amaifuna pa konkire, sikuchuluka.

Lolemba abwana analamula kuti tiwonjezere liwiro la impact crusher, makina oswa mwala pouwomba ndi zitsulo zozungulira, akuti mwala uzisweka msanga. Ndinati, "Bwana, uswekadi, koma tidzakolola fumbi." Sanakhutire, ndiye tinayesa.

Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1921 injiniya wina dzina lake Griffith, poyesa galasi ku England, anaonetsa kuti mng'alu umakula pokhapokha mphamvu ikakwanira kutsegula nkhope zatsopano, kutanthauza mbali ziwiri za mng'aluwo, m'kati mwa chinthu chikuswekacho. Mphamvu imeneyo ndi yochepa zedi. Pa magetsi onse amene makina ophwanya ndi opera miyala amadya, ogwira ntchito yeniyeniyo ndi kagawo kakang'ono. Otsala amasanduka kutentha, phokoso ndi kunjenjemera kwa zitsulo. Ukagwira mwala wongotuluka m'makina umamva kufunda, ndipo kufundako talipira.

Chimene abwana samachikhulupirira n'chakuti mng'alu uli ndi malire a liwiro. M'galasi wamba umathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, osapitirira. Ukauwonjezera mphamvu suthamanga kuposa pamenepo, umangochita nthambi ngati mizu ya nsungwi, ndipo nthambi iliyonse ikudula kachidutswa kake. Kumenya kwambiri kumachulukitsa tizidutswa, osati miyala ya saizi yogulitsa.

Lachitatu tinasefa zotuluka. Mulu wa fumbi unali utakula moti sindinafunike kulankhula zambiri. Fumbilo limagulidwa ndithu ndi oumba mabuloko a simenti, koma mtengo wake sungafanane ndi wa miyala.

Lachinayi ndinakhala ndi anzathu ophulitsa thanthwe. Iwowa sakonda kuuzidwa zochita ndi munthu wa kumakina, komabe tinamvana: asawonjezere ANFO, mankhwala ophulitsira thanthwe, m'malo mwake afupikitseko mipata ya maenje oikamo mankhwalawo ndi kukonza bwino kachedwedwe ka kuphulika pakati pa dzenje ndi linzake. Thanthwe likasweka mofanana kuphiri, jaw crusher, makina oyamba kulandira miyala yochokera kuphiriko, sitsamwa ndi zimiyala zikuluzikulu, ndipo excavator simataya dizilo pozigogoda.

Lachisanu liwiro tinalibweza pakale. Ndinapemphanso kuti cone crusher, makina ofinya miyala kuti ichepe saizi, izikhala yodzaza nthawi zonse, miyala izifinyana yokhayokha m'malo mogwa umodziumodzi pa chitsulo. Abwana avomera monyinyirika, ati tionana bilu ya mwezi wamawa ikabwera.