Nkhoma, Katauni Komwe Kanamera Patsinde pa Phiri

Anthu ambiri a mumzinda wa Lilongwe amakumbukira Nkhoma pokhapokha m'bale wawo akadwala maso, ndipo amangofikira pachipatala n'kubwerera tsiku lomwelo osaona china chilichonse. Zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa katauni kameneka, komwe kali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzindawu, kasunga mbiri imene malo ambiri m'chigawo chapakati alibe. Munthu wochokera ku Lilongwe amatsata msewu wa M1 wopita ku Dedza, n'kukhotera kumanzere pa Kamphata, ndipo asanapite patali phiri la Nkhoma limayamba kuonekera kutsogolo.

Phirilo ndilo chiyambi cha zonse. M'masiku a nkhondo, Achewa a mfumu Mazengera ankathawira m'mapiri poopa adani owazungulira, ndipo mfumuyi inaona kuti kukhala pafupi ndi amishoni kungabweretse mtendere kwa anthu ake. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, amene anali atayamba kale ntchito ku Mvera mu 1889 motsogozedwa ndi Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anavomera pempho lake ndipo anatsegula mishoni patsinde pa phirili mu 1896. Patapita zaka likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kubwera ku Nkhoma, ndipo mu 1926 mipingo ya kuno inalowa mu CCAP, imene a Livingstonia ndi a Blantyre anali atayambitsa mu 1924.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndikamayenda pakati pa nyumba zakale za njerwa zootcha n'chakuti Chichewa chimene timawerenga lero chinaleredwa ndi anthu a mishoni imeneyi pamodzi ndi aphunzitsi achikuda amene mayina awo satchulidwa kawirikawiri. William Hoppe Murray anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, ndipo sukulu ya sekondale ya pa Nkhoma imadziwika ndi dzina lake. Nyumba zimenezi zikufunika kuzisamala mwachangu, pakuti njerwa ikagumuka sibwerera, ndipo ana athu sadzakhutira ndi zithunzi zokha.

Chipatala chinayamba mu 1915, ndipo pambali pake pali sukulu ya anamwino ndi azamba. Palinso yunivesite ya Nkhoma ndiponso sukulu yophunzitsa abusa yotchedwa Josophat Mwale.

Amene ali ndi mphamvu asachoke asanakwere phiri. Njira imayamba mofatsa kudutsa m'minda, koma chakumtunda imakhala yotsetsereka ndi yamiyala, moti pena munthu amakwera chokwawa. Ndi bwino kupita m'nyengo yozizira ya Juni kapena Julayi, kunyamuka m'mamawa, kutenga madzi okwanira, ndiponso kupempha mnyamata wa m'deralo kuti akulondolereni njira n'kumulipira moyenera.