Matimati a kuseri kwa nyumba

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzationa ku Chilomoni, ndinafuna aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wongodalira zapamsika. Kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi kunali matimati obereka mochititsa kaso, ofiira psuu. Sindinabzale ine. Anangodzimerera pambali pa thanki ya chimbudzi, pamene pamakhala chinyontho ngakhale mu Okutobala. Koma zimenezo anafunsa ndani?

Ndinathyola odzadza mbale, mayi akunyumba n'kuwadula osaphika, kusakaniza ndi anyezi, kuika pambali pa usipa. Zothawana ndi apongozi tinazisiya kumudzi, choncho tonse tinakhala pa tebulo limodzi.

"Matimati okoma awa, bambo. Mwagula kuti?"

"Ndalima ndekha, amayi."

Munthu wa ku Ntcheu akayamikira matimati ako, mapewa amakwera okha.

Vuto linali mlamu wanga, mnyamata wa kuyunivesite amene sadziwa kudya ali chete. Tsikulo mutu wake unali pa zilumba. Akuti za ku Hawaii zinatumphuka pansi pa nyanja ngati chiphalaphala chamoto, popanda ngakhale udzu, pamtunda wa makilomita oposa 3,000 kuchokera ku America. Chilichonse chamoyo chinachita kubwera: china ndi mphepo, china ndi mafunde, china ndi mbalame. Mwa nyama zoyamwitsa za pamtunda, mleme wokha ndi umene unakafikako anthu asanafike. Ndiye mtundu umodzi wa timbalame utasochera n'kukatera kumeneko, m'kupita kwa zaka mamiliyoni unabala mitundu yoposa 50. Zina milomo inatalika n'kupindika kuti zizimwa timadzi ta m'maluwa, zina inanenepa kuti ziziswa njere.

Apongozi, m'malo momudula, anachita nazo chidwi.

"Nanga mitengo inaoloka bwanji poti ilibe mapiko?"

"M'mimba, amayi. Mbalame idya chipatso kuno, njere ikazitaya uko, manyowa ali pompo."

Apa m'mimba mwanga munayamba kutentha. Ndinamupatsira usipa kuti mwina pakamwa padzadze, koma ayi ndithu.

Anapitiriza kuti mu 1963 chilumba chatsopano chotchedwa Surtsey chinatumphuka kufupi ndi Iceland, ndipo analetsa anthu wamba kupondako kuti akatswiri aone zomwe zingafikeko zokha. Mu 1969 anapezako chomera chachilendo. Kuyang'anitsitsa, ndi matimati. Kufukula patsinde, anapeza kuti munthu wina anadzithandiza pamenepo. Njere za matimati sizigayika m'mimba, zimatuluka zamoyo. Anachita kuwazula.

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Kodi alamu, dimba lanulo lili pati? Kuseriku ndangoonako thanki."

Ndisanapeze bodza, mwana wanga wamkazi anayankha nsima ili m'kamwa: "Adadi salima! Amamera okha paja pamatuluka madzi onunkha."

Apongozi anayang'ana kachidutswa kamene kanali kale m'manja, n'kukabweza m'mbale mwaulemu wonse. Anasamba m'manja, nati akhuta. Mayi akunyumba anandiyang'ana diso limene mpaka lero sindinamalize kulipira.

Sabata yotsatira kunabwera dengu la matimati pa minibasi kuchokera ku Ntcheu, ndi uthenga woti ana asamadye zongotola.

Nkhani itamveka pa ploti, anzathu ochita lendi sanaseke n'komwe. Anabwera kudzandifunsa kuti ndinathyola bwanji ndekha popanda kuwauza, pamene mbewuyo aliyense anasonkhapo.