Chigoli chandifikira kudzera kumpanda

Dzulo usiku ndili phee pampando, mpira wa Premier League uli mkati, ndinangomva kwa aneba: "Chalowaaa!" Ana kukuwa, ndowa kuombedwa. Ine pa TV yanga kona sinamenyedwe n'komwe. Ndinakhala pafupifupi theka la mphindi kudikira chigoli choti ndachimva kale. Chitalowa ndinangoti "hmm", ngati munthu amene akuuzidwa nkhani yakale.

Chichotsereni dishi n'kuyamba kuonera pa intaneti ya m'nyumba ndakhala ndikudzitama, ndipo sindikubweza mawu. Mvula ikagwa zithunzi sizidukaduka, ana amaonera zawo pa YouTube, mayi a kunyumba filimu yawo amaiimitsa n'kukatakasa ndiwo, n'kudzapitiriza pomwe anasiyira. Koma mpira ayi ndithu. Pa intaneti kanema amabwera m'tizidutswa, TV imayamba yasunga tingapo isanaonetse kuti asamaimeime, ndiye wa dishi amakhala patsogolo nthawi zonse. Foni nayo ndi kazitape, magulu a pa WhatsApp amaulula chigoli msanga.

Loweruka ndikutseka mazenera onse, foni ikagona kuchipinda. Zikakanika, achimwene a kuseri kwa mpandaku mundisungire mpando, zakumwa ndibweretsa ndine.