Milimita imodzi inandichititsa manyazi ku Santhe

Atsibweni anga, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Johannesburg, ali ndi wotchi ya Omega Speedmaster yomwe amaisunga m'kabokosi pansi pa zovala, ndipo mlendo aliyense wofika kwawo ku Kasungu sachoka asanauzidwe kuti wotchi ya mtundu umenewu ndiyo anavala Buzz Aldrin poyenda pamwezi mu 1969. Nditaitanidwa ku ukwati wa mnzanga wa kuntchito ku Santhe, ndinawachonderera sabata yathunthu kuti andibwereke, mpaka anavomera monyinyirika. "Mphwanga, ukabweze monga walandiramu," anatero akundiloza ndi chala.

Vuto ndinaliyambitsa ndekha Lachisanu madzulo, pamene ndinaganiza zochotsa lamba wake wachitsulo kuti nditsuke fumbi lomwe linali m'mphako. Lamba wotere amagwidwa ndi timapini tiwiri, kena kumtunda kena kumunsi. Kapini kalikonse ndi kapaipi kakang'ono kokhala ndi sipuling'i mkati, yomwe imakankhira nsonga zake m'timabowo ta pa tinyanga ta wotchi, tizitsulo totuluka kumtunda ndi kumunsi kwa wotchiyo tomwe lamba amalowa pakati pake. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndinalowetsa nsonga ya mpeni wosendera mbatata, ndipo kapini kanathawa ngati nthata, osamveka ngakhale pomwe kagwera. Ndinasesa nyumba yonse kawiri, ndinapeta zinyalala m'lichero ngati mpunga, koma sindinapeze kanthu. Mpaka lero ndimaikayikira nkhuku yomwe inali pakhomo nthawi imeneyo.

M'mawa mwake ndinathamangira kumsika wa pa boma, kwa bambo wina wokonza mawotchi amene amakhala ndi kabokosi kagalasi pafupi ndi okonza mafoni. Anakhuthulira pa nyuzipepala chitini chodzaza ndi zitsulo za mawotchi akufa, n'kutolamo kapini kamodzi osakayeza n'komwe. Nditafunsa ngati kanali koyenera, anandiyang'ana ngati ndawanyoza. "Achimwene, kapini ndi kapini," anatero. Kanalowadi, ngakhale lamba ankagwedera pang'ono ndi kulira kuti khwechekhweche, zomwe ine ndinaziyesa kulira kwa chinthu chodula.

Ku Santhe ndinafika nditapinda mkono wa malaya, ndipo nthawi ndinkaiyang'ana pafupipafupi ngati munthu wodikira ndege. Zonse zinayenda bwino kufikira pa perekaniperekani. Woyendetsa mwambo ataitana anzake a mkwati a kuntchito, ndinalowa m'bwalo ndi ndalama zanga zosinthitsa, ndikuvina ndi kuponya imodziimodzi m'beseni lomwe akwati ananyamula. Nyimbo itakoma, ndinakweza dzanja kuti ndiponye K2,000 yanga yotsiriza mwa ulemerero, ndipo pamodzi ndi ndalamayo panauluka Omega ya atsibweni, n'kukagwa m'beseni kuti ngwee.

Ndisanatsegule pakamwa, woyendetsa mwambo anali ataitola kale. Anaimitsa nyimbo, n'kuikweza m'mwamba, nalengeza pa chimkuzamawu kuti bwanawa aona kuti ndalama sizikukwanira kusonyeza chikondi chawo, choncho apereka wotchi ya kunja. Amayi anaimba nthungululu, mayi a mkwati anabwera kudzandigwira chanza atagwada, ndipo wojambula anandiimika pakati pa akwati. Pa chithunzicho ndikuoneka ndikumwetulira, koma amene amandidziwa amaona kuti m'mimba munali mutatentha.

Ndinadikira mpaka mdima kuti ndikaonane ndi ankhoswe kuseri kwa nyumba, komwe ndinafotokoza mogwira njakata kuti mphatso ija inali ya eni ake. Ankhoswe, munthu wachikulire wodekha, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati chinthu cholengezedwa pamaso pa anthu sichibwezedwa chimanjamanja. Tinagwirizana mbuzi imodzi yaikazi, ndipo wotchi ndinailandira itakulungidwa m'kampango, lamba ali lendelende.

Atsibweni sanafunike kuuzidwa, chifukwa kanema wa mwambowo anali atawafika kale pa WhatsApp. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndiko kunandiopsa kwambiri. Anatulutsa kachipangizo koyezera zitsulo komwe anabwera nako kuchokera ku Joni, nandiuza kuti ndikhale pansi. Anayeza mpata wa pakati pa tinyanga ta wotchi, unakwana mamilimita 20. Kapini ka kumsika, komwe kanatsalira m'lamba, kanali ka mpata wa mamilimita 19, motero nsonga zake zinkangokhudza pakamwa pa timabowo osalowa mokwanira. Kanalinso kowonda, ka mamilimita 1.5, pamene kanzake kotsala kanali ka 1.8, ndipo n'chifukwa chake kankasewera m'chitsulo chakumapeto kwa lamba, kulira kuja ndinkakunyadira. Anandifotokozeranso kuti lamba wachitsulo ndi wolemera kuposa wachikopa, choncho akagwedera amakoka kapini nthawi iliyonse dzanja likayenda, ndiponso kuti mawotchi amasiyana: Seiko zina zosambira nazo zimafuna timapini tonenepa ta mamilimita 2.5, tomwe sitingalowe mu Omega. Pomaliza anandionetsa mkwasa womwe mpeni wanga unasiya kunsi kwa kanyanga, n'kunena kuti pali kafoloko kochotsera timapini, ndipo mpeni ntchito yake ndi mbatata.

Timapini toyenera anaitanitsa kwa mwana wawo ku Johannesburg, ndipo tinabwera pa basi mu envulopu, ndalama zake ndikulipira ine. Anasintha tonse tiwiri nthawi imodzi, akuti kotsala kaja nakonso sipuling'i yake inali itatopa. Wotchi inabwerera pansi pa zovala, ndipo alendo tsopano amamva nkhani ziwiri, ya pamwezi ndi ya ku Santhe.

Ku Santheko anthu sanamve za mbuzi. Chaka chino chokha ndalandira makadi a ukwati anayi kuchokera kwa mabanja omwe sindiwadziwa, ndipo pa khadi lina analembapo ndi bolopeni kuti mpando wanga uli kutsogolo, pafupi ndi beseni.